Kope lowerengera ntchito ya atelala anga linagwira ine ndemwe

Madzulo oti mawa lake ndi Idi, chaka cha 2022, mayi wina wa ku Mpondasi anakhala pa benchi m'shopu yanga kuyambira 4 koloko mpaka cha m'ma 9 usiku, ana atatu ali pambali pake, kudikira mikanjo iwiri ndi diresi limodzi. Nsalu anabweretsa Ramadani itangoyamba kumene, dipoziti analipira tsiku lomwelo. Sanakalipe, sanatukwane. Ankangoyang'ana makina, n'kumagwedeza mwana wamng'ono amene anali atagona pamiyendo pake. Ponyamuka anangoti, "Mayi, mukanangondiuza kuti simukwanitsa." Diresi analitenga losapinda m'munsi, akuti akamalizitsa yekha ndi singano ya pamanja.

Shopu yanga ili pa boma la Mangochi, chakufupi ndi msika. Muli makina opalasa anayi, a Singer awiri ndi a Butterfly awiri, ovaloko imodzi ya magetsi yomalizira m'mphepete mwa zovala, simbi ya magetsi ndi ina ya makala. Nthawi imeneyo ndinali ndi atelala atatu ndi mtsikana mmodzi wophunzira ntchito. Woyamba ndi bambo wachikulire amene tonse timangowatchula kuti Madala, anakulira pakhonde la sitolo akusoka ine ndisanabadwe. Wachiwiri anali mnyamata wa ku Namwera, wamapazi othamanga, makina ake akayamba kulira umangoti chigayo chayaka. Wachitatu ndi mayi wamasiye, wofatsa, timati Achemwali. Ine ndimalandira maoda, kugula zipangizo ndi kusunga ndalama. Onse ndinkawalipira pamwezi.

Usiku umene uja sindinagone. Mumtima ndinali nditaweruza kale mlandu: amene akutichedwetsa ndi Madala. Nthawi zonse ndikalowa m'shopu ndinkawapeza ataimirira, makina awo ali zii, pomwe mnyamata uja akupalasa thukuta lili kamukamu. Ndinkangofuna umboni woti ndiwaonetse. Ndiye ndinagula kope la hadikava, n'kujambula mizere itatu, aliyense ndi dzina lake pamwamba. Chovala chikatha, kamzere kamodzi pansi pa dzina la wosoka.

Mwezi wa Juni utatha ndinawerenga. Mnyamata 61, Achemwali 44, Madala 23. Ndinamva ngati ndapambana mlandu kwa amfumu. Ndinauza achimwene anga, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki, kuti mwezi wamawa Madala ndiwapumitsa. Iwo anandiletsa. Anandikumbutsa kuti lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, Employment Act, silimalola kungochotsa munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani yake ndi ya kagwiridwe ka ntchito, umayenera kumupatsa mpata woti ayankhepo kaye. "Timizere tako iti ukatitengera ku ofesi ya leba akakufunsa kuti 23 imeneyi ndi 23 ya chiyani. Ukayankha kuti chiyani?" Sindinawamvetse bwino, koma mantha a mlandu anandigwira. M'malo mochotsa munthu, ndinaganiza zowathamangitsa onse: ndinalengeza kuti amene asoke zovala zambiri pamwezi azilandira kenakake pamwamba pa malipiro.

Walira mvula walira matope. Sabata isanathe mnyamata uja anayamba kufika ine ndisanatsekule, kundidikirira pakhomo, osati chifukwa chokonda ntchito, koma kuti ayambe ndi iye kusankha pa mulu. Makabudula a sukulu, masiketi, kusintha zipi, kuchepetsa malaya a pa kaunjika, zonsezo zinkathera pa makina ake. Masuti ndi zilundu zofuna layining'i zinkatsikira pansi pa mulu mpaka kuchita fumbi. Achemwali anasiya kumuonetsa mtsikana uja kalumikizidwe ka kolala, chifukwa mphindi zimenezo zinali zawo. Kusita aliyense ankakuthawa. Makina kuthira mafuta, ayi. Kasitomala akaima pakhomo, onse ankaweramira nsalu ngati sanamuone, popeza woimirira kukamuyeza ndiye waluza kamzere. Manambala m'kope anakwera ndithu, koma ndalama m'thumba sizinakwere, ndipo madandaulo ndiwo anachuluka.

Chimene chinanditsekula maso ndi malungo. Nditachira ndinalibe mphamvu zoyendayenda, ndiye tsiku lina ndinangokhala pakona ya shopu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chitenje ndafunda, kumangoyang'ana. Madala anafika, n'kuyala nsalu pa tebulo lalikulu, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Anadula madiresi awiri a Achemwali, mabuluku atatu a mnyamata, kenako malaya. Cha m'ma 10 kunabwera bambo wina wogula nsomba ku Makawa, buluku lili m'jumbo, akuti likuthina m'ntchafu moti sangakwere njinga. Linali losokedwa ndi mnyamata uja. Mwiniwake sanadzutse n'komwe mutu. Madala analilandira, kumuyezanso bamboyo, kumuseketsa kuti chambo chamunenepetsa, n'kukhala pansi ndi lezala lothyola pakati. Magalasi awo mwendo umodzi ndi womanga ndi ulusi wakuda. Anawakankhira pamphuno, n'kuyamba kusomola msoko, kamodzikamodzi, kuopa kucheka nsalu, tiulusi totsalira akutichotsa ndi zala n'kumatiika pa bondo. Ola ndi theka linathera pamenepo. Bambo uja anavala, n'kunyamuka akuseka.

Ndinatsekula kope. Buluku lija linali litalembedwa kale sabata yapitayo, pa dzina la mnyamata. Pa dzina la Madala tsiku limenelo panali kamzere kamodzi kokha, ka malaya amene anasoka dzuwa litapendeka. Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze masiku onsewa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mayi, kope lanulo limamva makina akamalira. Sizasi siilira."

Loweruka lotsatira tinatseka msanga. Ndinagula mandasi ndi Fanta, tonse asanu n'kukhala pansi mozungulira tebulo lodulira. Ndinawauza kuti kuwerenga sindisiya, chifukwa manyazi a pa Idi aja sindikufunanso kuwaona, koma kawerengedwe kake tigwirizane limodzi. Apa ndi pamene ndikufuna anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono amvetsetse. Ntchito zonse sizilemera mofanana, ndiye umafunika muyezo umodzi woti zonse uziziyezera. Ife tinatenga kabudula wa sukulu, chifukwa aliyense amadziwa nthawi imene amatenga. Kabudula ndi 1. Kenako tinayamba kufunsana: pa nthawi yosoka malaya a mikono yaitali, ungasoke makabudula angati? Tinagwirizana 2. Buluku 3. Diresi la layining'i 4. Chilundu chathunthu, bulawuzi, siketi ndi duku, 6. Suti 12. Kusintha zipi theka. Wodula azitenga gawo limodzi mwa magawo atatu a chovalacho, wosoka magawo awiri. Kuyeza kasitomala theka, kusita mulu wa tsikulo 1.

Sikuti zinangoyenda myaa. Pa mkanjo pokha tinakangana pafupifupi ola lathunthu, mnyamata akuti ndi 2, Madala akuti mkanjo wa kolala yoimirira ndi timabatani ta pachifuwa sungatsike pa 4. Tinamaliza ndi kuugawa pawiri, wamba ndi wokongoletsa. Ndikanakhala ndekha kunyumba n'kulemba manambalawa, bwenzi akunena kuti Mayi akondera. Koma popeza anakangana okha mpaka kugwirizana, palibe amene anadzawakananso. Mpaka lero m'shopu mwathu timalankhula m'makabudula. Mlendo amadabwa kumva Achemwali akunena kuti lero ndasoka makabudula 9, pomwe tsiku lonse anali pa diresi la mkwatibwi.

Wina angafunse kuti bwanji osangowerenga ndalama zimene aliyense walowetsa. Ndinaziganizira, koma kwacha yathuyi siimakhazikika. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo nthawi zonsezo mitengo yosokera tinakweza. Ndikanamayeza ndi ndalama, bwenzi kope likuonetsa ngati atelala anga alimbikira usiku umodzi wokha, chonsecho ndi ulusi umene wakwera mtengo. Komanso mtengo ndimadula ndine. Ndikamuchitira chifundo mnzanga wa kutchalitchi n'kumutsitsira, telala walakwa chiyani? Kabudula yekha ndi amene sagwa mphamvu.

Nkhani ya zovala zobwerera inali yovutirapo. Tinagwirizana kuti chovala chikabwerera, manambala ake achoke kwa wolakwitsa n'kupita kwa wokonza. Koma wolakwitsa ndani? Pena ndi woyeza, pena wodula, pena wosoka, pena palibe. Mayi amayezetsa mu Janyuwale n'kudzatenga mu Epulo ali ndi pakati, kapena waona sitayelo ina pa Facebook ndiye akufuna manja asinthidwe. Zoterozo sitidula munthu, timalemba ngati ntchito yatsopano ndipo kasitomala amalipira. Kuti tisamakanirane, pa oda iliyonse timalemba miyezo, dzina la woyeza, tsiku limene talonjeza, n'kumata kachidutswa ka nsaluyo pambali. Ndipo kudulako kumakhudza bonasi yokha. Malipiro a pamwezi sindiwakhudza, chifukwa amenewo ndi a nsima ya ana ake, ndipo munthu amene akuopa kudulidwa malipiro amabisa zolakwika m'malo mozikonza.

Titawerenga mwanjira yatsopanoyi, atatu aja anapezeka kuti sakusiyana kwenikweni. Mnyamata anali patsogolobe, koma pang'ono, ndipo zobwerera zambiri zinali zake. Achemwali zobwerera analibe ndi chimodzi chomwe miyezi iwiri yathunthu. Madala, amene ndinkafuna kuwapumitsa, anali pakati.

Koma chimene ndalembera nkhaniyi ndi mzere wina umene sunali m'maganizo mwanga. Tsiku la mandasi lija, titatsala pang'ono kubalalika, Achemwali, amene salankhulalankhula, anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga Mayi, tsiku loti tabwera koma zipi palibe, muzilemba pa dzina la ndani?" Tonse tinaseka, ine ndemwe ndinaseka. Ndinajambula mzere wachinayi kumapeto kwa tsamba n'kulemba pamwamba pake kuti "Chaimitsa ntchito". Lamulo lake linali lakuti makina akaima kupitirira ola limodzi, aliyense ali ndi ufulu wolemba chifukwa chake.

Ndinkayembekezera kuti mzere umenewu udzadza ndi magetsi. Chaka chimenecho anali ovutadi, pakuti namondwe Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Janyuwale, ndipo kuthimathima kunatenga chaka chonse. Ovaloko ikaima, zovala zimaunjikana zosamaliza m'mphepete. Magetsi analembedwamo ndithu, maliro analembedwamo, lamba wa makina kuduka analembedwamo. Koma nditawerenga patatha miyezi itatu, mwa zifukwa 31 zimene zinalembedwa, 17 zinkayamba ndi mawu amodzi: "Mayi". Mayi sanagule layining'i. Mayi abweretsa ulusi wosiyana mtundu ndi nsalu. Mayi atenga kiyi wa kabati ya mabatani kupita naye ku chinkhoswe. Mayi alonjeza suti Lachinayi osafunsa. Mayi akuti tisiye zonse tiyambe zilundu za apongozi awo.

Zinandiwawa. Tsiku loyamba ndinafuna kung'amba tsambalo. Ndinkadziuza kuti anthuwa sadziwa mmene ndimavutikira. Zipangizo zambiri ndimakapikula ku Limbe, ulendo wa minibasi kudutsa Ulongwe, Liwonde ndi Zomba, ndipo kumapeto kwa 2022, mafuta atasowa, ulendo wa tsiku limodzi unkasanduka wa masiku awiri. Koma nditakhazika mtima pansi ndinaona kuti mafuta sanali chifukwa chenicheni. Ndinkadikira kuti chinthu chithe kaye ndiye ndinyamuke, ndipo kawirikawiri ndalama za dipoziti, zoyenera kugulira zipangizo, ndinkayamba ndatapako za ndiwo ndi fizi. Ndinabwereranso m'maganizo ku Idi ija. Diresi la mayi wa ku Mpondasi linakhala masiku 9 litadulidwa, kudikira zipi yobiriwira imene ine ndinaiwala. Madala analibe nalo mlandu.

Kusintha kwake kunali kwa zinthu wamba. Ndalama za zipangizo ndinazipatulira nambala yakeyake ya Airtel Money, yosakhudzana ndi za kunyumba. Mtsikana wophunzira uja ndinamupatsa ntchito yowerenga mazipi, ulusi ndi mabatani Lachitatu lililonse, kuti ndizidziwa zotsala zisanathe. Tsiku lotengera chovala sindilonjezanso ndisanatembenuke n'kufunsa Madala. Za achibale zimalowa pa mzere ngati za wina aliyense, ngakhale apongozi anandinyanyalira mwezi wathunthu. Za ovaloko timaziunjika padera, magetsi akangoyaka wina amasiya zonse n'kuzimaliza nthawi imodzi, ndipo makala a simbi sasowanso.

Kuno ku Mangochi pali chinanso choyenera kusamala nacho powerenga: ndalama za m'tauni zimatsatira nyanja. Mwera ukayamba kuomba cha mu Juni mpaka Ogasiti, asodzi salowa pamadzi kawirikawiri, akazi awo sasoketsa, ogula nsomba nawonso amagwira thumba. Novembala ndi Disembala, nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane, zimakhalanso chimodzimodzi mpaka Khirisimasi itayandikira. Ngakhale mkati mwa mwezi umodzi, usipa umafa bwino kukakhala mdima, mwezi ukawala makoka a chilimira amabwera opepuka, ndipo patapita masiku ochepa timazimva pa tebulo lathu lolandirira maoda. Telala amene wapeza manambala ochepa mu Julayi si waulesi, palibe choti asoke. Choncho mwezi sindiuyerekeza ndi mwezi wapitawo, ndimauyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha, ndipo ndisanayang'ane zimene zasokedwa ndimayamba ndaona zimene zinalowa.

Ramadani ndi nkhani ina. Ndi nyengo imene ntchito imachuluka kuposa ina iliyonse, komanso ndi nyengo imene Madala ndi mnyamata uja amakhala akusala kudya, ndi kutentha kwa kuno kumene mukukudziwa. Kope linaonetsa poyera kuti ikakwana 2 koloko masana mapazi amalemera ndipo misoko imayamba kukhota. Tinasintha nthawi: kuyamba 6 koloko m'mawa, kupuma masana, ofuna n'kudzabwereranso akamasula madzulo. Lachisanu masana, nthawi yopita ku mzikiti, sitiiwerenga ngati nthawi yotayika, timaichotseratu pokonza sabata. Apa mpamene ndinayambanso kulemba maola, osati masiku okha, ndipo ndinatulukira chinthu china chochititsa manyazi. Mbali ina ya manambala a mnyamata uja inkachokera ku maola a usiku amene sindinkamulipira. Lamulo lija limati sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira apo ndi ovataimu, ndipo pa tsiku wamba ola lake limalipiridwa limodzi ndi theka. Munthu amene wasoka makabudula 50 m'maola 60 sanapose amene wasoka 44 m'maola 48. Ndinamubwezera zake pang'onopang'ono miyezi itatu.

Cholakwa china ndinachichita ndikuganiza kuti ndikulimbikitsa anthu. Ndinapachika bolodi kukhoma n'kulemba mayina ndi manambala a sabata, woyamba pamwamba. Sabata imene Achemwali anali pansi, mwana wawo anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo kasitomala wina anawerenga bolodilo mokweza n'kufunsa kuti waulesiyu ndi uti. Masiku awiri sanabwere. Ndinapita kwawo kukapepesa, bolodi ndinalitsitsa. Pano manambala a munthu timakambirana awiri, kumapeto kwa mwezi, kuseri kwa shopu pansi pa mtengo wa mango. Pagulu timangonena a shopu yonse. Bonasi nayo ndinaigawa pawiri: theka limatsatira manambala a munthu, theka linalo timagawana mofanana ngati zovala za mweziwo zatuluka pa tsiku limene tinalonjeza. Chiyambire zimenezi, mnyamata uja anayamba kudzuka yekha kukathandiza kusita.

Phindu lalikulu la kopeli silinakhale kudziwa wolimbikira ndi waulesi ayi. Ndi lakuti tsopano ndikudziwa kukula kwa shopu yanga. Zipangizo zikakhalapo, magetsi osavuta kwambiri, timakwanitsa makabudula cha m'ma 130 pa sabata. Ndiye Ramadani ikayamba ndimawerenga masabata, kuchulukitsa, ndipo oda iliyonse ikalowa ndimachotsera. Idi ya 2023, mu Epulo, kope linadzadza kutatsala masiku 10, ndipo ndinayamba kubweza anthu. Kubweza ndalama ikukuyang'ana m'maso n'kowawa, makamaka ukudziwa kuti mwera ukubwera. Ena ananyanyala n'kunena kuti ndayamba matama. Koma madzulo a Idi isanafike tinatseka 5 koloko, pa benchi palibe munthu.

Zilipo zimene kope limalephera mpaka lero. Mtsikana uja pano amadula yekha siketi ndi bulawuzi, ndipo ndi Madala anamuphunzitsa, mphindi zisanu apa, mphindi khumi apo, pena pongomugwira dzanja kuti sizasi ipendeke bwino. Ndinayesa kuzipatsa nambala, Madala anakana, akuti mukatero ndiyamba kumuphunzitsa ndikuyang'ana wotchi. Achemwali ali ndi njira yawo yoziziritsira mkwatibwi amene wabwera ndi azakhali atatu, aliyense ndi maganizo ake pa diresi limodzi. Zimenezo ndimangoziona ndi maso, n'kuzikumbukira nthawi yokweza malipiro.

Mnyamata uja anachoka mu 2024, anapita ku Johannesburg ngati mmene achitira anyamata ambiri a kuno. Akusoka pa fakitale ina kumeneko. Mwezi watha ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, kumbuyo kukumveka makina a magetsi ambirimbiri. Akuti kumeneko iye amangolumikiza manja a malaya tsiku lonse, kolala ndi wina, mabatani ndi wina, ndipo kapitawo amawerenga mitolo madzulo. Ndalama akuti zilipo. Kenako anaseka n'kufunsa ngati mzere wachinayi uja ukadalipo, ndi kuti mwezi uno Mayi alembedwamo kangati. Ndinatsekula kope ndisanamuyankhe. Kanayi, ndipo kawiri ndi nkhani ya zipi.